Kazenera Kamene Ndinakana Kutseka

Ntchito yanga yoyamba ya makompyuta ndinaipeza kudzera mwa Anti Nyirenda, namwino amene ndinkachita lendi chipinda m'nyumba mwawo ku Rotherham. Si abale anga, tinadziwana kutchalitchi. Nthawi imeneyo n'kuti nditamaliza maphunziro ku Sheffield, ndikulongedza makatoni ku weyahausi, viza yanga ikutha pang'onopang'ono ngati sopo wa kubafa. Tsiku lina Anti anabwera kuchokera kuchipatala ali ndi dzina la kampani ina pa foni. Mnzawo wa kuwadi anawauza kuti amuna ake akufuna munthu wodziwa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta.

"Apulaya lero lomwe," anatero akuvula nsapato. "Usayambe za 'ndiganize kaye' zakozo."

Ndinawafunsa chifukwa chimene kampani yolongosoka ingafunire munthu kudzera m'mawadi a chipatala.

"Iwe Tiya," anatero, "ngakhale mngelo atakubweretsera uthenga ungayambe wamufunsa ID."

Ndinaapulaya. Amuna a mnzawoyo anali a Graham, bambo wamkulu wa imvi, wobadwira ku Sheffield komweko, woyenda motsimphina chifukwa cha bondo. Pa intaviyu sanafunse zambiri. Anandipatsa kodi, ndiye kuti mizere ya malamulo olembera kompyuta, kuti ndiwerenge, n'kundifunsa chimene sindikuchikhulupirira m'menemo. Ndinawalozera malo awiri. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Zili bwino, love." Mawu akuti love aja ndinayenda nawo mpaka pa basi, ndikuwatembenuza uku ndi uku. Anti ndiwo anandiuza kuti kuno ngakhale dalaivala wa basi amatero kwa nkhalamba ndi kwa wapolisi yemwe.

Anandilemba moyesa kaye. Ndikachita bwino, kampani idzandilemba mokhazikika ndi kundiimira pa viza. Ndikalephera, ndiye kulongedza sutikesi. Zimenezi ndinkadzuka nazo ndi kugona nazo.

Kampaniyo inali yaing'ono, pamwamba pa nyumba yakale ya njerwa zofiira imene kale ankasuliramo mipeni. Inkapanga timabokosi tomangirira pa makina a m'mafakitale, toyang'anira mmene mota zikuyendera. M'kati mwa kabokosi kalikonse munali Linux, ndipo m'kati mwa kernel yake munali kodi yathu. Kernel ndi phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta, limene limalankhula ndi zitsulo zenizenizo. Munthu sangasuzumiremo chisawawa, choncho olemba kodi amaikamo timazenera totchedwa tracepoint. Chinthu chikachitika, mwachitsanzo mota ikaima, tracepoint imalemba mzere umodzi wonena zimenezo. Wofuna kuona amalowa mu foda ya /sys/kernel/tracing, n'kulemba 1 mu fayilo yotchedwa enable ya tracepoint imene akufunayo, kenako n'kuwerenga mizereyo ikutuluka mu trace_pipe.

Kwa zaka zambiri aliyense wodutsa pa kampaniyo ankaboola kazenera kake pofufuza vuto, n'kuchoka osakatseka. Kalikonse kamadya memore, ndipo kabokosi katsopano kamene ankakonza kanali ndi memore yochepa. Ntchito yanga inali kuunika ma tracepoint onsewo ndi kuchotsa osafunika.

Ndinkayamba ndi chida chotchedwa git grep, kufufuza ngati pali malo mu kodi amene akuitanabe tracepoint imeneyo. Kenako git blame ndi git log, kuti ndidziwe amene anaiika ndi chifukwa chake. Ikakhala kuti palibe pamene ikuitanidwa, imeneyo ndi yakufa kale, ndinkalemba patch yoichotsa, ndiye kuti kachigamba kosintha kodi, n'kuitumiza kwa a Graham kuti aiunike. Akakhutira ankalemba mzere wa Reviewed-by ndi dzina lawo pansi pake, ndipo ine mwiniwake wa patch ndinkailowetsa mu kodi yaikulu. Zakufazo sizinkavuta. Zovuta zinali zamoyo, zimene zinkalembabe mizere koma zili ndi zina zatsopano zolowa m'malo mwake. Pakuti git grep imaona za m'nyumba zokha. Singakuuze ngati kunja, ku fakitale ya kasitomala, wina anamanga pulogalamu yake yodalira kazenera kameneko. A Graham ankati, "Tracepoint ukangoitulutsa kunja, yasanduka lonjezo."

Mu ofesimo ndinkakhala pakati pa a Graham ndi Callum, mnyamata wa komweko amene analembedwa ine ndisanafike pang'ono, nayenso moyesedwa. Palibe anandiuza kuti malo okhazikika ndi amodzi, koma ndinadziwerengera ndekha kuti kampani yaing'ono ngati imeneyo singasunge tonse awiri, makamaka pamene mmodzi akufuna viza. Callum ankakonda kundibweretsera tiyi osamupempha. Ndinkathokoza, n'kumusiya tiyiyo azizire. Ankafunsanso kuti ndafika pati ndi ntchito, ine n'kumayankha mwachidule. Woyang'anira tonse anali a Simon, ochokera kumwera cha ku London, munthu wa makalendala ndi misonkhano, womwetulira ngakhale akukukalipira.

Ndinene pano kumene kukayikira kwanga kunachokera, chifukwa popanda izi zimene ndinachita sizingamveke. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinaleredwa ndi agogo, mayi a mayi anga, ku Lunzu. M'nyumba munali makina osokera a mayi anga, amene agogo ankasokera mayunifolomu a ana asukulu. Agogo atagonekedwa kuchipatala, kunabwera abale a bambo anga ndi galimoto yobwereka. Anati makinawo palibe akuwagwiritsa ntchito, angochita dzimbiri. Anandiuza kuti ndigwire mbali imodzi. Ndinagwira, poti anali akuluakulu. Agogo atatuluka m'chipatala n'kukafunsa, anayankhidwa kuti, "Ngakhale mwanayo anatithandiza kunyamula." Agogo sanandikalipire. Anangonena kuti, "Anakunyamulitsa kuti dzanja likhale lako." Kuyambira pamenepo, munthu akandiuza kuti chinthu palibe akuchigwiritsa ntchito, ndimayang'ana kaye kuti ndani palibe m'nyumbamo.

Tracepoint imene inandivuta inkatchedwa motor_stall. Inkalemba mzere mota ikakakamira, ikufuna kuzungulira koma osatha. Inali yakale kwambiri, ndipo git blame inaonetsa kuti anaiika ndi a Graham eniake. Panali ina yatsopano, motor_fault, imene inkanena zomwezo ndi zina zambiri. Mapulogalamu athu onse anali atasamukira ku yatsopanoyo. Ndinalemba patch yochotsa yakaleyo n'kuitumiza.

Sabata imeneyo a Graham ankapita ku opaleshoni ya bondo. Lachitatu anatsanzika, natenga chikwama chawo. Lachinayi m'mawa, tsiku la opaleshoni yawo, linalinso tsiku lotseka kodi ya release yatsopano, ndiye kuti mtundu watsopano wa pulogalamu yathu wopita kwa makasitomala onse. Nditatsegula kompyuta ndinapeza kuti anayankha patch yanga asananyamuke. Panalibe Reviewed-by. Panali mzere umodzi wokha: "Code looks fine. Don't merge it while I'm back."

Ndinauwerenga kangapo. M'Chingelezi chimene ndinaphunzira ku sekondale, ndiponso m'chinenero cha makompyuta cha C chimene ndinkalemba tsiku ndi tsiku, while amatanthauza "pa nthawi imene". Ndiye a Graham ankati kodiyo ili bwino, koma ndisailowetse pa nthawi imene iwo abwerera. Kutanthauza kuti ndiilowetse iwo kulibe. Popanda dzina lawo.

Tracepoint ndi yawo, akuidziwa kuposa wina aliyense. Ngati ili yosafunika, bwanji osasaina? Ngati ili yofunika, bwanji akuti ndiichotse? Yankho limene ndinaliona linali limodzi. Akufuna ichoke, koma pali china chimene akuopa, ndipo chikadzaphulika, pa git log padzapezeka dzina la mtsikana wa ku Malawi woyesedwa ntchito, iwo ali gone kuchipatala. Ndinayang'ana Callum. Anali ndi mahedifoni, akugwedeza mutu, ndipo ndinaganiza kuti mwina akudziwa kale.

A Simon anabwera pa desiki yanga chakum'mawa komweko ndi laputopu m'manja. Anali atalonjeza akuluakulu kuti release imeneyi ikwana pa kabokosi katsopano, ndipo patch iliyonse yochepetsa memore ankaifuna.

"Yatsala yako yokha, Tiya."

Ndinawaonetsa uthengawo. Anawerenga n'kumwetulira.

"Ndiye vuto lili pati? Akuti ili bwino, ndipo sakufuna kudzaipeza ikudikira akabwera. Lowetsa."

"Sanasaine."

"Munthu ankathamangira kuchipatala. Waiwala basi."

"Sanaiwalepo n'kale lonse."

Anawatumizira uthenga pa foni ndili pomwepo. Sunawerengedwe. Nthawi imeneyo ayenera kuti anali atawagoneka kale. Ndinapempha kuti andipatse mpaka masana, ndifufuze ngati pali kasitomala amene akuigwiritsa ntchito. Anavomera, koma kumwetulira kunali kutachepa.

Ndinafufuza paliponse pamene ndikanatha. Madandaulo akale a makasitomala, mafoda a timapulogalamu timene mainjiniya athu ankanyamula popita kumafakitale, zolemba za ma release akale. Dzina la motor_stall silinatuluke pena paliponse. Umboni wonse unali kumbali ya a Simon. Ine ndinalibe kanthu koma mzere umodzi wosasainidwa. Callum anavula mahedifoni n'kufunsa ngati ndili bwino, poti nkhope yanga inali ngati ya munthu wameza ntchentche. Ndinati ndili bwino, n'kutembenuza sikirini pang'ono kuti asaone.

Masana a Simon anandiitanira m'kachipinda ka misonkhano n'kutseka chitseko.

"Wapeza chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye?"

"Sindilowetsa popanda dzina la a Graham."

Anapuma mozama. Anati amayamikira kusamala, koma kusamala kopanda chifukwa ndi mantha chabe, ndipo kampani yaing'ono singadikire munthu wamantha. Anati atha kuilowetsa okha, n'zosavuta. "Koma ndikatero, pokambirana za tsogolo lako ndidzafunsidwa kuti tinakulemberanji." Anandipatsa mpaka nthawi yoweruka.

Ndinatuluka n'kukakhala pa masitepe akumbuyo, pamene anthu ankasutira fodya. Njira zonse ziwiri zinkathera pa bwalo la ndege. Ndikalowetsa, chinthu n'kuphulika, ndapita. Ndikakana, ndapitanso. Ndinaganiza za agogo, amene anali atauza mpingo wonse ku Lunzu kuti mdzukulu wawo amakonza makompyuta a azungu. Ndili pomwepo foni inalira. Anali Anti Nyirenda, akulankhula mothamanga za mwana wawo, kumbuyo kukumveka mabelu a kuwadi.

"Tiya, undithandize, ukamutenge Joshua ku after-school ukaweruka. Andisinthira shifiti anthu awa, lero ndili eight while eight."

"Anti, mwati chiyani?"

"Ukamutenge Joshua."

"Ayi, za shifitizo."

"Eight while eight. Kuyambira eyiti mpaka eyiti. Wagontha?"

Mawu amenewa ndinali nditawamva kwa Anti kambirimbiri, akamakonza za sabata pa khitchini. Ndinkangowamva ngati dzina la shifiti, osawamasula.

"While ndiye kuti mpaka?"

"Kuno inde. Iwe wakhala zaka zonsezi ku Sheffield osadziwa? Umacheza ndi ndani kodi?" Anaseka. "Ine nditangofika, gogo wina pa bedi anandiuza kuti 'I'll not eat while my daughter comes.' Mwana wake atangolowa ine mbale ija lande, kubweza kukhitchini. Gogo uja anandiyang'ana ngati ndine mfiti. Munthu wadikira mwana wake tsiku lonse kuti adye naye! Iwe, bwana akubwera, usaiwale Joshua."

Ndinakhala pa sitepe paja foni ili m'manja. Usailowetse mpaka nditabwera. Uthenga womwewo, mawu omwewo, koma munthu wake wina.

Komabe mtima sunakhazikike. A Graham ndi injiniya, alemba while mu kodi kuyambira ine ndisanabadwe. Angalembe Chingelezi cha pa basi mu riviyu? Ndipo kwa a Simon sindikanapita ndi umboni wakuti anti a kutchalitchi anena. Pankafunika munthu wa komweko, ndipo mu ofesi monse analipo mmodzi yekha.

Ndinakwera masitepe, n'kukaima pa desiki ya Callum. Ndinamupempha kuti awerenge mzere uja n'kundiuza tanthauzo lake, osawonjezera kanthu. Anasuzumira pa sikirini kamodzi kokha.

"Akuti usailowetse mpaka abwere. Bwanji?"

"Ukutsimikiza?"

"Ndi mmene amalankhulira bambo anga. Dikira kaye, ndi zimenezi zakudwalitsa tsiku lonse? Ndakhala pano pambali pako kuyambira m'mawa!"

Anaitana yekha a Simon, akuseka mpaka kugwira tebulo. Anawafotokozera kuti while wa mu C ndi wina, while wa ku Sheffield ndi wina, ndipo wa ku Sheffield ndiye anayamba. A Simon anawerenganso mzerewo, nagwira pachipumi. Anati zaka zonse akhala kumpoto kuno ankaganiza kuti anthu amangolakwitsa. Release inatuluka popanda patch yanga. Memore sinatsike kufika pamene analonjeza, ndipo anakhala nthawi yaitali pa foni ndi akuluakulu, chitseko chotseka. Sabata yotsatira sanandilankhule kwambiri. Sindinadziwe ngati ndapulumuka kapena ndangochedwetsa chigamulo.

A Graham anabwera patapita masabata angapo, akuyendera ndodo. Atamva nkhaniyo kwa Callum, amene ankaifotokoza kwa aliyense wolowa pakhomo, sanaseke. Anandiuza kuti nditenge jekete, tipite kwinakwake. Callum ndiye anayendetsa galimoto mpaka ku fakitale ina yopsinja zitsulo kufupi ndi Rotherham, iye n'kutsala panja.

Kumeneko injiniya wina dzina lake Pete anatilowetsa m'kachipinda ka magalasi koyang'ana pa makina. Pansi pa tebulo panali kompyuta yakale yodzaza fumbi, pakhoma nyali yobiriwira. M'kompyutamo munali kapulogalamu kakafupi kamene a Graham analemba pomwepo zaka zambiri zapitazo, fakitaleyo itavutika ndi mota. Sikanasungidwe kwina kulikonse, n'chifukwa chake sindinakapeze. Kankatsegula motor_stall, n'kumadikira. Mzere ukatuluka, nyali inkafiira ndipo belu linkalira, kuti aimitse makina chitsulo chamoto chisanapindike n'kudumpha panjira yake. A Graham anandionetsa mzere wotsegula tracepoint. Sunkayang'ana ngati kutsegulako kwatheka. Tracepoint ikanachoka, kapulogalamuko sikakanadandaula. Kakanangokhala chete, nyali ili yobiriwira.

"Ikakhala yobiriwira ine ndimapita kukamwa tiyi," anatero Pete.

A Graham anati sankakumbukira bwino ngati kompyutayo idakalipo, ndipo ankafuna adzaone ndi maso asanasaine. N'zokhazo.

Tikubwerera ku galimoto ankayenda pang'onopang'ono, ndodo zikugogoda pa simenti. Anandifunsa kuti poyamba ndinamva kuti akutanthauza chiyani. Ndikanatha kunena kuti ndinangosokonezeka. Koma ndinawauza zonse, kuti ndinaganiza kuti akufuna ndiichotse iwo kulibe, kuti mlandu udzakhale wanga.

Anaima.

"Wakhala pambali panga miyezi yonseyi ukuganiza kuti ndine munthu wotero?"

"Sindinkadziwa kuti ndinu munthu wotani."

Ndinaona kuti zawapweteka. Kenako anati, "Kodiyo uziikayikira choncho, ndi chimene ndinakulembera. Anthufe uzingotifunsa, love." Anayambanso kuyenda.

Tracepoint ija tinaichotsabe, koma mwa njira yake. Ndinalemba patch ina yoti aliyense wotsegula motor_stall aziona chenjezo mu dmesg, mmene kernel imalembamo mauthenga ake, lonena kuti ikuchoka ndipo asamukire ku motor_fault. Tinalengeza m'zolemba za release, n'kuimbira makasitomala akale mmodzimmodzi. Ine ndi Callum tinalembanso kapulogalamu ka Pete kuti kazigwiritsa ntchito yatsopanoyo, ndiponso kuti kakalephera kutsegula, nyali izifiira m'malo mokhala chete. Tinakasunga pamodzi ndi kodi ina yonse. Kenako tinadikira release yathunthu idutse. M'kati mwa kudikirako a Simon anandiitanira m'kachipinda kaja, n'kundipatsa kontrakiti yokhazikika ndi mapepala a viza. Callum anali atalandira yake dzulo lake. Malo anali awiri kuyambira pachiyambi.

Sindinasiye kukayikira, ndipo sindifuna kusiya. Mpaka lero munthu akandiuza kuti kazenera kenakake ka mu kodi palibe akukagwiritsa ntchito, ndimamufunsa kuti wafunsa ndani, chifukwa kukhala chete kwa ogwiritsa ntchito si umboni wakuti kulibe. Koma ndimadziwanso kuti tsiku lija ndinachita choyenera pa chifukwa cholakwika, ndipo yankho linali pa mpando woyandikana nane kuyambira m'mawa, litavala mahedifoni. Mawu akandiwopsa masiku ano, ndisanamange mlandu ndimayamba ndafunsa kuti, "Mukutanthauza chiyani?"

Tsiku lochotsa motor_stall, Pete anali pa foni akuyang'ana nyali yake. A Graham anakoka mpando n'kukhala pambali panga, dzina lawo lili pansi pa patch. Callum anabweretsa tiyi, ndipo ndinamwa akadali wotentha. Dzanja linali langa ndithu, koma eniake onse analipo.